Mmera mpoyamba: njira ya ku yunivesite imayambira Fomu 3

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, pa Balaka pamakhala nkhani imodzi basi. Kudepoti, mumsika, pamthunzi pomwe amaima akabaza, ngakhale pamjigo, funso limakhala lomwelo: wapeza mapointi angati? Wa mapointi 14 amamunyamula m'mwamba, wa 22 amamuuza kuti wayesetsa, wa 38 amangomutonthoza kuti bola pepala lilipo.

Koma pali funso lina lomwe sitifunsa kawirikawiri, chonsecho ndi lomwe limagamula komwe mwana apite: mapointi amenewo wawapeza m'maphunziro ati?

Ine funso limeneli ndidalidziwa mowawa. Mwana wa achemwali anga adaphunzira pasukulu ina yoyendera ya CDSS m'boma lomwe lino. Kuyambira ali kupulaimale ankati adzakhala namwino, ndipo tonse pabanja tinkadziwa zimenezi. Zotsatira zitatuluka tidavina. Chichewa adapeza 2, Bible Knowledge 2, Geography 3, History 3, Agriculture 4, Chingerezi 4. Mukaphatikiza, mapointi 18. Biology adapeza 5, Masamu 7. Mbuzi idafa tsiku limenelo.

Chimwemwe chidatha tsiku lomwe tidakhala pansi kuti tidzaze fomu yofunsira malo kuyunivesite. Titafika pa maphunziro aunamwino, tidapeza kuti akufuna Physics ndi Chemistry, komanso Masamu okhoza bwino. Iye Physics ndi Chemistry sadalembe n'komwe. Ndidamufunsa kuti zidayenda bwanji.

"Ankolo, tinadropa tili Fomu 3. Anzanga onse anadropa. Ankati zimangoononga mapointi," adandiyankha choncho akuyang'ana pansi.

Palibe adamuuza kuti tsiku lomwe ankasiya maphunziro awiriwo, ali ndi zaka 16, ankatseka yekha chitseko cha ntchito yomwe ankailota. Ine amalume ake, amene ndimati ndine wophunzira pabanjapo, sindidafunseko ngakhale kamodzi kuti akutenga maphunziro ati. Ndinkangofunsa za fizi ndi nambala yomwe wakhala pamayeso a teremu.

Nkhani yotereyi si ya banja lathu lokha. Mukafunsa ku Ulongwe, ku Phalula, ku Utale, ku Ntaja kapena ku Nsanama, mupeza achinyamata omwe ali ndi satifiketi yooneka bwino koma yosatsegula khomo lomwe ankalifuna. N'chifukwa chake ndati tikambiraneko, makamaka ndi makolo omwe ana awo akulowa Fomu 3.

Satifiketi ndi china, malo kuyunivesite ndi china

Tiyambe ndi mmene bungwe loyendetsa mayeso la Maneb limaperekera magiredi a MSCE, chifukwa makolo ambiri timangomva manambala osadziwa tanthauzo lake. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, kukhoza kwapamwamba. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi credit. Giredi 7 ndi 8 ndi pass, kungodutsa chabe. Giredi 9 ndiye kulephera.

Kuti mwana apatsidwe satifiketi ya MSCE, ayenera kukhoza maphunziro 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo limodzi mwa iwo likhale credit. Njira ina ndi kukhoza maphunziro 5, kuphatikizaponso Chingerezi, atatu mwa iwo akhale credit. Apa muona kale kuti Chingerezi ndi mlonda wa pachipata. Mwana akhoza kupeza 1 m'Masamu ndi Physics, koma akalephera Chingerezi, satifiketi palibe.

Zimenezi ndi za satifiketi chabe. Kuti munthu afunsire malo m'mayunivesite a boma, muyezo umakwera. Pamafunika ma credit osachepera 6, ndipo Chingerezi chikhale chimodzi mwa iwo. Choncho giredi 7 m'Chingerezi imakupatsa satifiketi, koma siikulowetsa kuyunivesite. Mapointi omwe timatchula aja amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro 6 omwe mwana wakhoza koposa, Chingerezi chili momwemo. Nambala ikachepa ndiye kuti zayenda. Mapointi 6 ndiye mapeto a kukhoza.

Tsono apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Timaganiza kuti amene ali ndi mapointi ochepa angathe kusankha chilichonse. Sizili choncho. Ntchito yosankha ophunzira opita kumayunivesite a boma imadzera kubungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri timangoti Nche. Bungweli limatulutsa chidziwitso chaka ndi chaka, ndipo pa pulogalamu iliyonse pamalembedwa maphunziro omwe wofunsira ayenera kukhala nawo. Ngati palibe limodzi mwa iwo, dzina lako silifika n'komwe pampikisano wa mapointi. Wa mapointi 20 yemwe ali ndi maphunziro oyenera amalowa pamzere, wa mapointi 12 wopanda maphunzirowo amatsala kunja.

Tikumbukenso kuti boma lidalengeza mu 2020 kuti lathetsa kasankhidwe ka kota. Mwana wa ku Kankao kapena ku Chikweo tsopano akupikisana maso ndi maso ndi mwana wa sukulu yogonera konko ya mumzinda, yomwe ili ndi labotale, laibulale komanso aphunzitsi okwanira. Mpikisano wake ndi waukulu kale, chifukwa m'zaka za 2023 ndi 2024 omwe adakhoza MSCE adangopitirira pang'ono theka la onse olemba, ndipo mwa okhozawo ndi ochepa omwe amapeza malo m'mayunivesite a boma. Kuphonya pa kasankhidwe ka maphunziro ndi kudzimanga mwendo umodzi mpikisano usanayambe.

Khomo lililonse lili ndi kiyi wake

Mayunivesite a boma alipo 6. University of Malawi ili ku Zomba, komwe kale kunali Chancellor College. Mubas ili ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic. Kuhes ndi yomwe idabadwa ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Zitatuzi zidaima pazokha mu 2021. Kenako pali Luanar ya ku Bunda, Mzuni ya ku Mzuzu ndi Must ya ku Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014.

Mwana wofuna udotolo, unamwino, zamankhwala kapena ntchito ya mulabotale yachipatala ayenera kudziwa kuti njira yake imadutsa pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, pamwamba pa Chingerezi. Izi si za Kuhes yokha ayi. Ngakhale ku Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi nthambi ku Zomba, kapena kusukulu za unamwino za mipingo monga ya St Luke's ku Malosa, amayang'ana kaye maphunziro a sayansi. Amene adasiya Physics ndi Chemistry amapeza kuti makomo a zaumoyo, akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe, ambiri amukana.

Wofuna uinjiniya, kaya wa misewu, wa magetsi, wa makina kapena wa migodi, ku Mubas kapena ku Must, msana wake ndi Masamu ndi Physics, ndipo Chemistry imafunikanso. Wofuna zaulimi ku Luanar asanamizike kuti Agriculture yokha ndi yokwanira. Ulimi wa kuyunivesite ndi sayansi: nthaka, feteleza, matenda a ziweto, ulimi wamthirira, zonsezi zimatsamira pa Biology, Chemistry ndi Masamu.

Nanga wofuna zamalonda, zowerengera ndalama kapena zachuma? Ameneyu akhoza kukhala wopanda Physics, koma Masamu sangawathawe. Giredi 7 m'Masamu, ngati ija ya mwana wa achemwali anga, imatseka makomo ambiri kuposa mmene timaganizira. Ngakhale sukulu zophunzitsa aphunzitsi a pulaimale, monga Machinga TTC ku Liwonde, zimayang'anitsitsa Chingerezi, Masamu ndi sayansi, chifukwa mphunzitsi wa pulaimale amaphunzitsa chilichonse.

Pali chinthu china chomwe makolo omwe tidaphunzira kale tiyenera kudziwa. M'nthawi yathu kunali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science. Silabasi itasintha, phunzirolo lidagawidwa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha. Mwana akhoza kutenga limodzi n'kusiya linzake, ndipo kholo likamva kuti "ndikutenga sayansi" limakhutira. Funsani bwino: sayansi yake iti? Pali mapulogalamu omwe amafuna onse awiri.

Zofunika pa pulogalamu iliyonse zimatha kusintha chaka ndi chaka, choncho chanzeru ndi kupeza chidziwitso cha Nche cha chaka chaposachedwa, chomwe chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti, n'kuchiwerenga mwana asanasankhe maphunziro. Ambiri timachiona koyamba mwana atalemba kale mayeso, madzi atatayika.

N'chifukwa chiyani ana amathawa sayansi?

Tisafulumire kuloza chala anawo. Mwana wa zaka 15 kapena 16 amasankha malinga ndi zomwe akuona ndi kumva.

Choyamba ndi mmene sukulu zathu zilili. Ana ambiri a ku Balaka ndi Machinga omwe amafika kusekondale amaphunzira m'ma CDSS. Sukulu zimenezi zidachokera ku ma MCDE akale, omwe boma lidawasandutsa sekondale zoyendera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Zambiri zidayamba zopanda labotale, ndipo zina mpaka lero zilibe. Koma pamayeso a MSCE, Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi pepala la practical, lomwe mwana amayenera kugwira zipangizo ndi manja ake. Mwana yemwe adangoona chithunzi cha chipangizo pabolodi, n'kudzachigwira koyamba sabata ya mayeso, mantha ake ndi omveka.

Chachiwiri ndi aphunzitsi. Aphunzitsi a Masamu ndi sayansi ndi osowa, ndipo omwe alipo ambiri safuna kukhalitsa kumudzi komwe kulibe nyumba yabwino kapena magetsi. Pali sukulu zomwe mphunzitsi mmodzi amanyamula Physics ndi Chemistry kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Akasamutsidwa kapena akadwala, kalasi imakhala teremu yonse ikungokopera manotsi. Ana amaona zimenezi ndipo amawerengera okha kuti apa sitiphulapo kanthu.

Chachitatu ndi nkhani ya mapointi yomwe ifeyo akuluakulu tidaikuza. Popeza aliyense amafunsa za mapointi basi, ana aphunzira kusewera nawo. Amasankha maphunziro omwe akuti ndi ophweka, oloweza pamtima, kuti nambala itsike. Ndiponso tisabise, pali sukulu zina, za boma ndi zomwe si za boma, zomwe zimakondwa ana ofooka akasiya sayansi, chifukwa zotsatira za sukulu zimaoneka bwino pachikwangwani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinayi chimakhudza kwambiri atsikana. Mawu oti "Masamu ndi Physics ndi za anyamata" akadali moyo, ndipo nthawi zina amatuluka pakamwa pa anthu omwe amayenera kuwalimbikitsa. Onjezerani mtunda wautali wopita kusukulu, ntchito zapakhomo zomwe zimamudikira akaweruka, komanso chikakamizo cha ukwati, chomwe m'madera ena a Machinga ndi Balaka chikadalipo ngakhale malamulo a dziko lino adakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Mtsikana wotopa amasankha chomwe angawerenge msanga ndi tochi usiku. Kwa anyamata chokopa ndi china: ulendo wa ku Joni. Mnyamata yemwe mtima wake uli kale pa basi ya ku Johannesburg saona chifukwa chovutikira ndi Chemistry.

Boma layesapo. Ntchito ya Equals, yomwe idayamba mu 2019 ndi thandizo la World Bank, cholinga chake chidali kukweza kaphunzitsidwe ka Masamu ndi sayansi m'ma CDSS. Koma labotale ikamangidwa popanda womuuza mwana chifukwa chomwe ayenera kulowamo, chipindacho chimasanduka mosungira madesiki othyoka.

Ntchito zili pakhomo pathu

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ntchito zofuna maphunziro omwe ana athu akuthawa zikubwera kwathu konkuno. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu January 2021, akukamba za ulimi wamakono, mafakitale ndi kukula kwa matauni. Atsogoleri akhalanso akutchula ulimi, zokopa alendo ndi migodi ngati mizati ya chuma. Zonse zitatuzi zili m'maboma athu awiriwa.

Paphiri la Kangankunde, m'boma la Balaka, pali miyala ya mtengo wapatali ya rare earth, ndipo kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikugwira ntchito yotsegula mgodi kumeneko. Mgodi umafuna akatswiri a miyala, mainjiniya, oyeza nthaka ndi madzi, amakaniko a makina akuluakulu, a zamagetsi. Mubas ili ndi maphunziro a migodi, Must ili ndi maphunziro a sayansi ya nthaka ndi miyala. Funso ndi lakuti, ana a kwa Chanthunya, kwa Nsamala ndi kwa Kalembo adzalowa pageti pamenepo ngati ndani? Ngati akatswiri, kapena ngati alonda ndi aganyu, pomwe maudindo enieni atengedwa ndi obwera?

Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya ndi Liwonde mpaka ku Nayuchi. Pa Liwonde pali baraji yomwe imawongolera madzi a mtsinje wa Shire, omwe amapukusa magetsi a dziko lino. Nkhalango ya Liwonde, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, imafuna anthu odziwa za nyama, zachilengedwe ndi kusamalira alendo, ndipo Mzuni imaphunzitsa zokopa alendo. Thonje lomwe Balaka adatchuka nalo, komanso chilala chomwe chimatizunza kawirikawiri, zimafuna alangizi ndi akatswiri a mthirira. Mwana akamasankha maphunziro mu Fomu 3, wina amuonetse zinthu zimenezi, kuti Physics isakhale chilombo cha m'buku koma njira yopita kuntchito yomwe akuiona ndi maso.

Si aliyense wa sayansi

Pano ndisamveke molakwika. Sindikunena kuti mwana aliyense akakamizidwe kukhala dotolo kapena injiniya. Dziko limafunanso aphunzitsi a zilankhulo ndi mbiri, atolankhani, ogwira ntchito zachitukuko, oyendetsa maboma, aluso a zisudzo ndi nyimbo. Balaka amene adalera Alleluya Band sangapeputse luso. History, Geography, Social Studies, Bible Knowledge ndi Chichewa ndi maphunziro olemekezeka, ndipo University of Malawi, Mzuni komanso Domasi College of Education ali ndi mapulogalamu omwe amalandira ana okhoza bwino m'maphunziro amenewa.

Kukakamiza mwana yemwe Masamu adamukana kuyambira Fomu 1 kuti anyamule sayansi zonse kungamugwetse mpaka kusowa ndi satifiketi yomwe. Kumeneko ndi kulakwitsanso. Chomwe ndikunena n'chakuti mwana asiye phunziro akudziwa chomwe akusiya. Pali kusiyana pakati pa mwana yemwe wati, "Ine ndikufuna utolankhani, ndaona zomwe amafuna, ndilimbikira Chingerezi, Chichewa ndi History," ndi mwana yemwe akufuna unamwino koma wasiya Chemistry chifukwa mnzake wapamtima wasiya.

Tisaiwalenso sukulu zaluso lamanja zomwe zili pansi pa Teveta. Nasawa Technical College ili ku Zomba, pafupi pomwepa, ndipo pa Balaka pomwe pali sukulu ya zaluso ya Andiamo. Zamagetsi, kuwotcherera, umakaniko, kumanga ndi mipope ndi ntchito zomwe zikudyetsa mabanja, nthawi zina kuposa digiri yomwe mwini wake akuyenda nayo mu envelopu kufunafuna ntchito. Koma nazonso zimamukomera amene ali ndi maziko a Masamu ndi Physics. Wa zamagetsi wosadziwa kuwerengera mphamvu ya magetsi ndi ngozi kwa iye mwini ndi kwa eni nyumba.

Tichitepo chiyani?

Kwa iwe wophunzira amene wangolandira zotsatira za JCE: yamba ndi kumapeto. Lemba ntchito zitatu zomwe umazifuna, osati imodzi. Fufuza kuti iliyonse imaphunzitsidwa kuti ndipo amafuna maphunziro ati. Ukatero uone maphunziro omwe akupezeka m'ntchito zonse zitatuzo. Amenewo ndiwo osasiya zivute zitani. Ngati sunadziwebe chomwe ukufuna, ndipo ambiri pamsinkhu wako sadziwa, sankha mosiya makomo ambiri otsegula. Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry, kuphatikizapo awiri kapena atatu omwe umawakonda, zimakulola kupita mbali iliyonse. Wa sayansi akhoza kudzatembenukira ku maphunziro a zachikhalidwe, koma wopanda sayansi sangatembenukire ku udotolo.

Usalembetsenso maphunziro 6 okha ndendende. Limodzi likakuterera, ulibe pogwira. Koma usaunjikenso ochuluka mongofuna kutchuka, mpaka kusowa nthawi yowerenga lililonse mokwanira. Ndipo Chingerezi uchisamale ngati dzira: werenga nyuzipepala, mabuku a nthano, chilichonse chomwe wachipeza, chifukwa mayeso a maphunziro ena onse, kupatula Chichewa ndi zilankhulo zina, amabwera m'Chingerezi chomwecho.

Kwa ife makolo, amalume, azakhali ndi agogo omwe tikulera ana: sitifunika kudziwa Chemistry kuti tifunse funso. Teremu yoyamba ya Fomu 3 ikayamba, tipite kusukulu tikaonane ndi ahedi kapena mphunzitsi wa kalasi. Tifunse kuti mwanayu akutenga maphunziro ati, wasiya ati, ndipo ndi amene watsala nawowo angadzaphunzire chiyani. Safunsa adadya phula. Nthawi yolembetsa mayeso a Maneb ikafika mu Fomu 4, tionetsetse kuti dzina lalembedwa molondola komanso maphunziro onse omwe mwana akuphunzira ali pamndandanda. Ndipo ngati nkhawa ndi ya ndalama za kuyunivesite, tidziwe kuti kuyambira 2015 pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'sukulu zaukachenjede. Ngongoleyo siikwanira onse, koma umphawi usatipangitse kumuuza mwana wa Fomu 3 kuti asalote n'komwe.

Kwa aphunzitsi akulu ndi makomiti a makolo: kusiya phunziro kusakhale nkhani ya mwana yekha ndi anzake pansi pa mtengo. Ku Britain, ana a zaka pafupifupi 14 akamasankha maphunziro a mayeso a GCSE, sukulu zambiri zimaitana makolo kumsonkhano wapadera n'kuwafotokozera zotsatira za chisankho chilichonse. Zimenezi sizifuna ndalama za dona. Zimafuna tsiku limodzi, bolodi ndi choko. Sukulu iliyonse ingathe kumata chidziwitso cha Nche pakhoma chaka chonse. Ingathe kuitana namwino wa pachipatala chapafupi, mlangizi wa zaulimi, kapena mwana wakale wa pasukulupo yemwe ali kuyunivesite, kuti adzacheze ndi a Fomu 2 asanalembe JCE. Ingathenso kukhazikitsa lamulo loti mwana asasiye phunziro popanda kholo kubwera kudzamva tanthauzo lake.

Sukulu zoyandikana zingathandizanenso. Dongosolo la ma cluster lilipo kale. Ngati sukulu imodzi ili ndi labotale, bwanji ana a sukulu zinzake osapitako Loweruka kangapo pateremu, m'malo modikira sabata ya mayeso? Ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kummwera chakummawa, yomwe imayang'anira Balaka, Machinga, Mangochi ndi Zomba, ikamagawa aphunzitsi iyambe yaona sukulu zomwe zilibe ndi mmodzi yemwe wa Physics kapena Chemistry. Aphungu ndi makhansala athu nawo, akamakambirana za ndalama zachitukuko cha m'madera, akumbukire kuti labotale imodzi ndi nyumba ya mphunzitsi zingasinthe mudzi kuposa chikho cha mpira.

Kwa amene madzi adatayika kale

Pali ena akuwerenga nkhani ino ali ndi satifiketi m'manja, mtima ukuwawa ngati mmene udawawira kwathu. Njira siinatsekeke yonse. Maneb imalola munthu kulembanso mayeso, ndipo sukulu za open zomwe zimaphunzitsa masana ana ena akaweruka zilipo m'malo ambiri. Koma musanalipire, fufuzani kaye kusukulu yomwe mukufuna kupitako. Funsani ngati imalola kuphatikiza zotsatira za zaka ziwiri kapena imafuna zonse zikhale za ulendo umodzi, komanso ngati imalandira satifiketi ya chaka chomwe mudalemba, popeza chidziwitso cha Nche chimatchula zaka zomwe zikuloledwa. Mukasankha sukulu yomwe si ya boma, onetsetsani kuti sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo ndi zovomerezeka ndi Nche, kuopa kugulitsa ng'ombe chifukwa cha pepala lomwe olemba ntchito sadzalilandira.

Mwana wa achemwali anga adasankha kubwerera. Adalowanso Fomu 3 pasukulu ina yomwe ili ndi labotale, n'kuyamba Physics ndi Chemistry pamodzi ndi ana omwe adali kumbuyo kwake ndi zaka ziwiri. Sizidali zophweka. Anzake ena adamuseka, ndipo ifeyo tidalipiranso fizi ya zaka ziwiri yomwe sitidaikonzekere, m'nyengo yomwe chimanga chidavuta. Mayi ake adagulitsa mbuzi zomwe zidatsala.

Tsiku lina ndikumuperekeza kukakwera minibasi, adandiuza mawu omwe sindiwaiwala: "Ankolo, mukanangondifunsa nthawi ija, bwenzi pano ndili chaka chachiwiri."

Sadaname. Mng'ono wake akulowa Fomu 3 chaka chino, ndipo ulendo uno ndapita kale kukaonana ndi ahedi.